Mkazi wanga anakomoka katatu, koma m'nyuzi mokha

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi pa nthawi ya nkhomaliro anzanga onse atatuluka mu ofesi, chifukwa nkhani yake sindingaifotokozere munthu amene akundiona nkhope. Ndine bambo wa zaka 43, ndili pabanja, ana atatu. Ndimagwira ntchito ku nyuzipepala ina (osati yanuyi, musayambe kuyang'ana anzanu m'maso). Sindine mtolankhani wopita kumene kwagwa zinthu ayi. Ine ndimakhala pa desiki ya pakona, moyandikana ndi fani yomwe inasiya kuzungulira chaka chatha, ndipo ntchito yanga ndi kulandira nkhani za atolankhani, kuzikonza, kuzipatsa mutu ndi kuzikwanitsa pa tsamba. Ndagwira zaka 16. Nkhani zonse za imfa, ngozi, moto ndi madzi osefukira zimadutsa m'manja mwanga, n'chifukwa chake anzanga amanditcha Namfedwa.

Mkonzi wathu wamkulu timawatcha Bwana Anyezi, iwo akakhala kuti palibe. Chikhulupiriro chawo n'chakuti nkhani yosaliza munthu ndi lipoti la apolisi, ndipo lipoti la apolisi palibe amene amagula. Tsiku langa loyamba anandipatsa pepala lomwe lidakali mu kabati yanga mpaka lero, lofotokoza mmene chisoni chimayendera m'nyuzi. Munthu wamba "wafa". Akakhala kuti ankavala tayi, "wamwalira". Akakhala ndi galimoto ziwiri, "watisiya". Wamkulu weniweni safa n'komwe, iye "amatsikira kuli chete", ndipo tsiku limenelo "mtambo wachisoni umakuta dziko lonse" ngakhale kunja kuli dzuwa loswa mtengo. Akafa awiri ndi "zachisoni". Asanu, "zomvetsa chisoni kwambiri". Kuposa khumi ndiye "chisoni chadzaoneni". Mawu amenewa timawasunga ngati mbale za alendo, kungoti Lolemba lililonse a tsamba la masewera amadzabwereka timu yawo ikagonja.

Amayi m'nyuzi mwathu "amalira mosatonthozeka". Abambo "amangoti kakasi". Ana "amasowa mtengo wogwira". Mabwana a m'maofesi salira, iwo "amakhudzidwa kwambiri". Chaka china ndinawerenga: bwana mmodzi anakhudzidwa kwambiri ka 31. Munthu wokhudzidwa chonchi anayenera kukhala ndi zipsera thupi lonse. Ku magazini yathu ya Lamlungu nako, woimba akasiyana ndi chibwenzi amati "wasweka mtima", pa chithunzi mwini wake akumwetulira atatsamira galimoto yatsopano.

Zonsezi ndinkaziona ngati ntchito basi, monga mmene kalipentala amaonera misomali.

Tsono Lachitatu lina mwezi watha, cha m'ma 3 koloko masana, tsamba lachitatu linali ndi dzenje. Kampani ina inachotsa malonda ake mwadzidzidzi ndipo panatsala malo aakulu ngati zikhatho ziwiri. Mtolankhani wathu wa za apolisi, munthu amene sabweretsa zoposa mizere inayi ngakhale kutagwa ndege, anatumiza izi: bambo wina wa zaka pafupifupi 70 wafa atagundidwa ndi lole pa mphambano ya kufupi ndi msika, anali pa njinga, apolisi satchula dzina mpaka achibale atadziwitsidwa. Basi.

Bwana Anyezi anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Namfedwa, mizere inayi imeneyi ikhale makumi atatu pofika 4 koloko. Ndikufuna misozi."

Ndinati, "Bwana, achibale sanadziwitsidwe n'komwe."

Iwo anati, "Nanga akadziwitsidwa aseka? Alira basi. Ndiye tikunama pati? Tangowatsogolera."

Ndinalemba ndi dzanja limodzi, lina lili ndi banzi. Ndinati achibale omwe anathamangira pamalopo analira mosatonthozeka, ndipo mwana wamkazi wa malemuwo anakomoka. Mzere sunadzaze. Ndinayesa "kawiri", ndinaona kuti kwachepa. "Katatu" anakwana bwino kwambiri. Kenako ndinabweretsa mnzanga wakale amene sandikhumudwitsa, m'bale wina yemwe anakana kutchulidwa dzina, ndipo ndinamuyankhulitsa kuti: "Anali mzati wa banja lathu. Ana ake onse ankadalira iyeyu. Tasowa mtengo wogwira, sitikudziwa kuti mawa tidya chiyani." Mawu amenewa ndawaika m'kamwa mwa achibale osachepera mazana awiri pa zaka zonsezi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzawakana.

Tsamba linapita 4 koloko yeniyeni. Nditatsegula kabati kuti nditenge foni, yomwe timaitseka mawu nthawi yomaliza nyuzi, ndinapeza kuti mkazi wanga waimba ka 14.

Aphungu, bambo wa pa njinga uja anali apongozi anga. Anali telala, ankasoka pa khonde la sitolo ina, ndipo tsikulo ankapita kukagula mazipi.

Ndinathamangira kuchipatala, ndipo ndikulumbira, za tsamba lachitatu zinandichoka m'mutu. Ine nditachoka, mtolankhani uja anapeza dzina, Bwana Anyezi n'kuliikamo nyuzi isanasindikizidwe, pamodzi ndi chithunzi cha njinga.

Ndikuuzeni za mkazi wanga. Ndi mphunzitsi wa masamu ku sekondale. Ana a sukulu amamutcha Konkire. Anabereka ana atatu osafuula, ndipo tsiku lina njoka italowa m'bafa ine ndi amene ndinakwera pa mpando. Kuchipatala kuja sanalire. Anapempha magalasi a bambo ake ndi wotchi, anasaina mapepala, n'kuuza kalaliki kuti walakwitsa chilembo chimodzi pa dzina, akonze.

M'mawa mwake tonse tinali kwa alamu anga aakulu, achimwene a mkazi wanga, kumene kunali maliro. Munthu wina anafika ndi nyuzi m'khwapa. Inayenda dzanja ndi dzanja mpaka inafika kwa azakhali, mlongo wa malemu, amene anakankhira magalasi kumapeto kwa mphuno n'kuwerenga mokweza kuti ndi a panja omwe amve. Atafika pa "katatu" anaima, n'kutembenukira kwa mkazi wanga.

"Iwe, ukakomoke katatu pamsewu pamaso pa atolankhani, kuno kwa abale ako ngakhale kamodzi? Kapena poti ife tilibe kamera?"

Mkazi wanga anati, "Azakhali, ine pamsewupo sindinafikepo."

"Ukumbukira bwanji, munthu unali chikomokere?"

Kuyambira pamenepo anamuikira botolo la madzi pafupi tsiku lonse. Akati aimirire, amayi awiri ankaima kumbuyo kwake manja atatambasula. Anthu ena amene malemu sankawadziwa n'komwe anabwera kudzangoona mwana wokonda bambo ake uja. Ahedi a pa sukulu anamuonjezera sabata yopuma yomwe sanapemphe, ndipo atabwerera anapeza ana a sukulu amusintha dzina. Panopa ndi Madamu Katatu.

Koma moto weniweni unayaka pa mawu a m'bale wosatchulidwa dzina uja. Alamu anga aakuluwa ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo ndi amene anawamangira bambo awo nyumba ya njerwa zootcha. Malemu ankasoka chifukwa manja ankawayabwa, osati chifukwa cha njala. Ndiye tangoganizani, tsiku lachiwiri la maliro, mwini sitolo yoyang'anizana nayo, amene akhala akulimbirana makasitomala zaka khumi, anatsika m'galimoto ndi thumba la mpunga pa phewa komanso jumbo la zovala zakale. Anazipereka m'manja mwa alamu anga anthu onse akuona, n'kunena mofatsa kuti, "Tawerenga, achimwene. Musamavutike chamumtima. Mawa mudye kaye izi."

Alamu anga atalowa m'nyumba anakuwa kuti, "Ine? Ine kudalira makina osokera? Ndani walankhula ndi anyuzi?"

Maso onse anagwera pa alamu aang'ono, mkazi wa mlongo wamng'ono wa mkazi wanga. Iyeyu amagulitsa zipatso mumsika muja, ndipo n'zoona kuti anafika pamalo angoziwo woyamba. Ndi amene anavula nsalu yake n'kufunditsa malemu, n'kukhala pansi pambali pawo mpaka galimoto ya apolisi itafika. Mlandu wake ndi umodzi: ndi wolongolola. Analumbira kuti sanaone mtolankhani aliyense, koma azakhali anati wokana kutchulidwa dzina m'nyuzi sangavomere pabwalo. Anamuchotsa pa gulu la pa foni la banja. Akapereka moni, anthu amayankha akuyang'ana kumbali. Mwamuna wake wagona kwa achimwene ake kawiri konse.

Titaika maliro kunali msonkhano wa banja pabalaza. Alamu aakulu anatembenukira kwa ine, n'kundigwira bondo.

"Alamu, Mulungu ndi wabwino, tili ndi munthu wathu mkati momwemo. Mutipezere anthu awiri: amene analemba nkhaniyi, ndi m'bale amene analankhula."

Pamwamba pa nkhaniyo panangolembedwa kuti "Wolemba: Mtolankhani Wathu". Ndinati ndiyesetsa. Mpaka ndinatulutsa kabuku n'kulembamo, kuti aone kuti ndaitenga nkhaniyo mozama.

Masabata atatu tsopano ndikudzifufuza ndekha. Alamu akaimba ndimawayankha mmene amatiyankhira apolisi, kuti kafukufuku ali mkati. Andipatsa Lamlungu lomaliza la mwezi uno kuti ndikapereke mayina pamaso pa banja lonse.

Ndinapita kwa Bwana Anyezi kukapempha kuti tikonze nkhaniyo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tikonze chiyani? Bamboyo wadzuka? Kapena tilembe kuti pepani awerengi, banjali silinali ndi chisoni?" Nditawauza kuti malemuwo ndi apongozi anga, anandisisita phewa. "Pepa, Namfedwa. Takhudzidwa kwambiri."

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi cha Loweruka lapitali. Mkazi wanga ankasita yunifolomu ya mwana wathu wotsiriza pa tebulo la pabalaza, m'mawa dzuwa litalowa pa windo. Anatembenuza kabudula kuti asite mkati, n'kuima. Anazimitsa ayironi, anakhala pansi pa simenti, kabudula ali pa miyendo. Sanafuule. Ngakhale misozi sindinaione bwino. Ankangoyendetsa chala chachikulu pa msoko wa m'munsi, kupita ndi kubwerera. Patapita nthawi anati, "Bambo anapinda nsalu yambiri mkati. Ankati mwanayu akula, adzamasula okha chaka chamawa."

Ine ndinali chiimire pakhomo. Munthu amene ndatha zaka 16 ndikulemba za chisoni, wodziwa mawu ake onse ndi kutalika kwake, ndinatsegula pakamwa ndipo chimene chinatuluka ndi ichi: "Ndi zomvetsa chisoni kwambiri."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo a ana, musandiwerengere nyuzi m'nyumba mwanga."

Chichokereni tsikulo amandiyang'ana mwa mtundu wina. Amandiikira madzi osamba, amandifunsa za kuntchito, koma maso ake amakhala pa ine ngati ndine samu yomwe yankho lake analipeza kale.

Inenso apongozi anga ndinkawakonda. Anandisokera suti ya ukwati. Ankanditcha Alembi, ndipo ankadula masamba anga n'kumasunga mu kabokosi ka mabatani, akuuza makasitomala kuti mkamwini wawo ndi amene amalemba dziko. Koma mpaka lero sindinawalire. Chikangoyamba kubwera pakhosi, mutu wanga umayamba kukonza mutu wa nkhani ndi kuwerenga ngati zilembo zikwane.

Mnzanga wina wa tsamba la masewera akuti ndingonena kuti wolembayo anachotsedwa ntchito ndipo anapita kunja, ndipo m'bale uja anali munthu wodutsa wofuna kutchuka. Akuti nkhani imafa yokha pakatha masabata awiri, iye akudziwa. Kodi nditero, kuti banja langa lipulumuke? Kapena ndiulule, alamu andidye wamoyo? Nanga mkazi wangayu ndimutonthoze ndi mawu ati, poti onse amene ndili nawo ndinawagulitsa kale?

Ndine wanu wothedwa nzeru,
W.J.K., wa m'tauni mommuno

Bambo W.J.K.,

Pepani maliro. Ndaima pomwepo dala, sindionjezera "kwambiri".

Kalata yanu yandiseketsa mpaka mnzanga wa desiki yoyandikana anafunsa ngati ndili bwino. Thumba la mpunga lija ndiye linandimaliza. Koma nditafika pa alamu anu aang'ono kuseka kunatha. Mwalemba masamba anayi onse ngati wovutika ndinu, pamene pali mayi amene anavula nsalu yake n'kufunditsa apongozi ake pamsewu, n'kuwadikirira pa fumbi, ndipo malipiro ake ndi akuti mwamuna wake akugona kwina. Mayi ameneyu akusenza katundu wanu tsiku lililonse limene "kafukufuku ali mkati". Pamenepa palibe zosankha ziwiri. Muulula.

Nzeru za mnzanu wa masewera zisiyeni ku masewera komweko. M'nyuzi nkhani imafadi pakatha masabata awiri, chifukwa amakulungira tomato. M'banja nkhani siifa. Idzatuluka pa ukwati wa mwana wanu, azakhali atakhala kutsogolo. Ndiponso taonani chimene akukulangizani: bodza la munthu mmodzi wopeka mulichize popeka anthu ena awiri.

Mwina mukudzifunsa ngati mayi a kunyumba akudziwa. Bambo inu. Mphunzitsi wa masamu, amene wakhala nanu zaka zonsezi, amene bambo ake ankasunga masamba anu m'bokosi, angalephere kuzindikira "mtengo wogwira" wa mwamuna wake? Akudziwa. Akuchita zimene aphunzitsi amachita choko chikaponyedwa m'kalasi: amuona kale woponyayo, akungodikira kuti aone ngati aimirire yekha. Chimene akuyeza panopa si nkhani ija ayi. Akuyeza masiku amene mungathe kudya naye pa tebulo limodzi uku mlamu wake akunyozedwa m'malo mwanu. Tsiku lililonse mukutaya malikisi.

Sindikuyankhulani ngati woyera. Inenso ndimadya za m'nyuzi, ndipo pamwamba pa makalata a tsamba lino ndasweratu mitima yambiri imene eni ake anangoti yawawa pang'ono. Mawu ngati "chisoni" ndi "misozi" alibe mlandu, ndi mawu abwino. Ife ndi amene tawasandutsa silipasi za kubafa, zovala aliyense, mpaka zatha zidendene. Amayi anga atamwalira, mnzanga wina wa ntchito analemba kuti ndinalira mosatonthozeka. Zoona zake n'zakuti tsiku lonse ndinkafunafuna makiyi a chipinda chawo, ndipo ndinakalipira aliyense. Nditawerenga ndinachita manyazi, ngati ndalephera mayeso amene wina anandilembera mayankho. Ndinadzalira patatha miyezi iwiri, mu basi, nditaona mayi wina akumanga mpango mmene ankamangira iwo.

N'zimene mwawachita akazi anu. Bwana wanu akuti munangowatsogolera. Ayi, munawalanda. Munalira maliro a bambo awo iwo asanayambe, munalira mokweza, dziko lonse likuwerenga, ndipo atafika iwo anapeza anthu atatambasula manja kudikira sewero. Munthu angalire bwanji ali ndi omuonerera? N'chifukwa chake chisoni chawo chinadikira masabata atatu n'kudzatulukira pa msoko wa kabudula. Inu munali pomwepo, munachiona ndi maso. Mwandifotokozera bwino lomwe, osagwiritsa ntchito liwu ndi limodzi lomwe la pa pepala la Bwana Anyezi. Ndiye musandiuze kuti mawu anakutherani. Anakutherani ndi ogulitsa aja.

Tsono chitani izi. Yambani ndi akazi anu, musanaonane ndi wina aliyense. Ana atumeni kwa anzawo, mukhale pansi, foni ikhale kuchipinda. Munene kuti, "Nkhani ija ndinalemba ndine. Sindinkadziwa kuti ndi bambo. Nditadziwa ndinachita mantha, ndipo ndakhala ndikunama." Mukatero mutseke pakamwa. Mawu akuti "mwatsoka", "zinangochitika" ndi "mosayembekezereka" muwasiye ku ofesi. Dzina la Bwana Anyezi lisamveke, chifukwa iwo anapempha misozi koma "katatu" munasankha nokha, banzi lili m'manja. Musapemphe kuti akukhululukireni tsiku lomwelo. Kukhululuka si tsamba lofunika pofika 4 koloko.

Mukachoka apo, pitani kwa alamu aang'ono, kunyumba kwawo, mwamuna wawo alipo. Musadikire msonkhano. Anawanyoza pagulu, inde, ndipo mudzawayeretsa pagulu, koma ayenera kumva kaye kuchokera kwa inu, kuti Lamlungulo akalowe m'nyumba ija mutu uli m'mwamba. Akakulalatirani, mverani zonse. Mwati ndi wolongolola, ndiye mupite mutadya.

Pa msonkhanopo musadikire kufunsidwa. Imirirani poyamba, opanda pepala m'manja, munene kuti anthu awiri aja mwawapeza, wina ndi inu, winayo kulibe ndipo sanakhaleko. Alamu aakulu akuwa. Asiyeni akuwe, anawasenzetsa mpunga pa maliro a bambo awo. Pemphani chinthu chimodzi chokha: kuti amene anachotsa mayi uja pa gulu la banja amubwezere pomwepo, anthu onse akuona, ndipo azakhali anenepo kanthu. Kupepesa kwa azakhali mwina kungakhale kufunsa mtengo wa malalanje. Kulandireni, n'kumene angakwanitse.

Ku ofesi bwereraninso, koma ulendo uno mutalemba kale zokonzazo. Mizere itatu: mwana wa malemu sanafike pamalo angozi ndipo sanakomoke; nyuzi ino sinalankhule ndi m'bale aliyense; tikupepesa banja. Bwana Anyezi akakananso, auzeni mwaulemu kuti alamu anu ndi munthu wa sitolo, wokwiya, ndipo akufunsa za maloya. Mkonzi amene samva Chichewa amamva kalata ya loya. Sindikunamizani, mwina akusungirani kukhosi, mwinanso tsamba lachitatu alipereka kwa wina. Yezani nokha chimene chikulemera, desiki ya pakona kapena tebulo la kunyumba.

Ndipo dzenje likadzapezekanso pa tsamba, muli ndi foni. Imbani, funsani kuti munthuyo ankagwira ntchito yanji, ankapita kuti, anasiya chiyani pa tebulo. "Ankapita kukagula mazipi" ndi mawu atatu, koma akuposa mtambo wanu wonse wokuta dziko. Mukasowa woimbira, kulitsani chithunzi. Msozi umene simunauone musaulembe, ndipo m'bale wanu wokana kutchulidwa dzina uja mupumitseni pa ntchito, watumikira mokwanira. Muonenso bwino makwerero anu aja. Pa 3 koloko apongozi anu anali munthu amene "wafa". Mukanadziwa kuti ndi iwo, mukanawakweza kufika pa "watisiya". Onse amene munawalemba kuti "wafa" zaka 16 zimenezi anali apongozi a munthu wina.

Za kutonthoza akazi anu musazivutitse. Sakufuna mawu okamba za chisoni, chisonicho ali nacho kale chokwanira. Akufuna wina wokumbukira naye bambo awo. Auzeni za tsiku limene malemu ankakuyezani suti, zimene ananena, mmene anakubayirani ndi phini. Afunseni kuti bambo ankaimba nyimbo yanji akamasoka. Akayankha, mverani. Akapanda kuyankha, tengani ayironi mumalize kusita. Misozi yanu inunso musaikakamize ndipo musaiikire tsiku. Ndikukayikira kuti chimene chatsekereza pakhosi panu si mitu ya nkhani ayi, ndi bodzali. Likachoka, zinazo zipeza njira.

Chenjezo langa ndi ili. Munthu wofunadi kubisa chinsinsi salembera ku nyuzipepala, ndipo inu mwa anthu onse mukudziwa zimenezo. Mwaulula kale, chatsala n'chakuti eni ake amve kwa ndani. Yankho ili ndakutumizirani Lolemba pa adiresi imene munalemberapo, ndipo kalata yanu ituluka pa tsamba lino Loweruka, mmene munailembera, osachotsa kanthu. Muli ndi masiku asanu. Ngati mukuwerenga mawu anowa m'nyuzi musanakhale pansi ndi akazi anu, ikani nyuziyo pansi muthamange, chifukwa azakhali amadzuka m'mamawa kuposa inu.

Ndine Phungu wanu.